Zaka ziwiri tili ndi mawaya m'mano: zimene tinaona pa chipatala china cha mano mu Blantyre

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 11, ndinazindikira kuti wasiya kuseka momasuka. Pojambulitsa chithunzi ankatseka pakamwa, ndipo polankhula ndi alendo ankaika dzanja kumlomo. Mano ake akutsogolo a m'mwamba anali otulukira kunja moti milomo sinkakumana akakhala chete, ndipo dzino limodzi losongoka linamera pamwamba pa anzake chifukwa linasowa malo mumzere. Ali wamng'ono ankayamwa chala mpaka atafika sitandade 2, ife akuluakulu n'kumangoti adzasiya yekha. Anasiyadi, koma chalacho chinali chitakankha kale manowo.

M'mwezi wa February 2023 ndinapita naye ku chipatala china cha mano chomwe si cha boma, chimene chili m'dera la pakati pa tauni ndi Chichiri, kuti akamuike mawaya owongolera mano, amene ambiri amangowatchula kuti braces. Patapita miyezi yochepa inenso ndinaikitsa anga pa chipatala chomwecho, ndili ndi zaka 39. Dzina la chipatalacho sindilitchula, popeza ndili ndi zochiyamikira komanso zochidandaulira, ndipo cholinga changa n'chakuti kholo kapena munthu wamkulu amene akulingalira za chithandizochi adziwe chimene akulowamo asanapereke ndalama yoyamba.

Tsiku loyamba mwanayo anayembekezera kuti abwerera ku Chilomoni ali ndi mawaya, koma sizinatero, ndipo ichi ndi chinthu choyamba chimene chinandipatsa chikhulupiriro mwa adokotala amene tinawapeza. Anamuyeza m'kamwa monse, anamujambula nkhope ndi mano, anatitumiza kukajambulitsa X-ray ziwiri, ina yoonetsa mano onse ndi mizu yake, ina yoonetsa mutu cham'mbali kuti aone mmene nsagwada zakhalirana, kenako anamulumitsa phala lina lofewa limene likauma limasiya chikombole cha mano. Anapezanso mano awiri amene anayamba kubooka, ndipo ananena mosabisa kuti sangamate kanthu kalikonse pa mano odwala. Choncho ndalama zoyamba zimene tinawononga zinapita pomata mabowowo ndi kutsuka mano, osati pa mawaya.

Titabwereranso patatha sabata ziwiri, adokotalawo anatikhazika pansi kwa nthawi yoposa theka la ola, chikombole chija chili patebulo. Anafotokoza kuti madokotala a mano amagawa kakumanidwe ka mano m'magulu atatu, potsata dongosolo limene Edward Angle wa ku America anafalitsa m'chaka cha 1899, ndipo kuti mwana wanga ali m'gulu lachiwiri, momwe mano a m'mwamba amakhala patsogolo kwambiri poyerekeza ndi a m'munsi. Kenako anafika pa nkhani imene inativuta kunyumba. Anati, "Mayi, malo m'kamwamu ndi ochepa. Kuti dzino lili pamwambali litsike ndiponso akutsogolowa abwerere m'mbuyo, tiyenera kuzula mano awiri a m'mwamba, limodzi mbali iliyonse." Agogo ake a mwanayo atamva zimenezi anakana kwamtuwagalu, akuti chibadwire sanamvepo zozula dzino labwinobwino, losapweteka. Inenso mtima unandiwawa. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti adokotalawo sanatikakamize. Anatiyezera ndi kachipangizo pa chikombolecho kukula kwa mano ndi kukula kwa malo amene alipo, n'kutiuza kuti si mwana aliyense amene amazulidwa mano, ndipo anatilola kukafunsa maganizo kwa dokotala wina ngati tikufuna. Ndinakafunsadi, ndipo wachiwiriyo ananena zofanana.

Mawu ena amene anandikhudza tsiku lomwelo ndi akuti mwana amayenera kuonedwa koyamba ali ndi zaka pafupifupi 7, monga limalangizira bungwe la American Association of Orthodontists. Sikuti pa msinkhu umenewo amaikidwa mawaya, koma ndi nthawi imene mano achikulire oyamba amakhala atamera, ndipo zizolowezi monga kuyamwa chala zikhoza kuthetsedwa zisanapotoze kamwa. Makolo ambiri sitidziwa kuti mano aakulu otafunira amene amamera kumbuyo mwana ali ndi zaka 6 ndi achikulire, sadzagweluka n'kumeranso, motero timawalekerera akuwola poganiza kuti ndi a ubwana. Limodzi mwa mano awiri obooka aja linali lotero.

Tsiku loika mawaya linali m'kati mwa March, koma namondwe wa Freddy atasakaza mzinda wathu tinalisunthira mu April. Ntchito yeniyeniyo inatenga pafupifupi ola ndi theka, ndipo panalibe jakisoni kapena kuboola dzino. Pa dzino lililonse amamatapo kachitsulo kakang'ono ndi guluu wouma ndi kuwala, kenako amadutsitsa waya woonda m'tizitsuloto n'kumumangirira ndi timphira, tomwe ana amaloledwa kusankha mtundu wake. Waya woyambayo ndi wa chitsulo chosakaniza cha nickel ndi titanium, chomwe chimati chikapindidwa chimafuna kubwerera mmene chinalili, ndipo pobwererapo chimakoka mano pang'onopang'ono. Mwanayo anatuluka akuseka, koma pofika madzulo sanathe kuluma ngakhale buledi. Ululu umenewo unakhala masiku anayi. Tinamupatsa Panado, phala, nthochi zakupsa, mapeyala ndi nsima yofewa ya mazira, ndipo pa zilonda zimene tizitsulo tinamuchititsa m'kati mwa milomo tinathandizidwa ndi phula limene achipatala anatipatsa lomata pa chitsulo chokanda, komanso madzi ofunda a mchere ochukuchira m'kamwa. Pakatha sabata ziwiri milomo imazolowera. Ululu wocheperapo umabweranso tsiku limodzi kapena awiri nthawi iliyonse waya akasinthidwa.

Pa ulendo wachitatu ndinafunsa ngati sizingatheke kumanga waya mwamphamvu kuti ntchito ithe msanga, ndipo yankho limene ndinalandira ndi limene linandithandiza kumvetsa chithandizo chonsechi. Dzino silinakhomeredwe m'fupa ngati msomali m'thabwa, koma muzu wake umagwiridwa ndi timinyewa tating'ono kwambiri tolumikiza dzinolo ndi fupa. Dzino likakankhidwa mofatsa kwa nthawi yaitali, thupi limasungunula fupa kumbali imene dzinolo likulowera, n'kumanga fupa latsopano kumbali imene likuchokera. Ntchito imeneyi ili ndi liwiro lake, lomwe ndi pafupifupi milimita imodzi pa mwezi, ndipo dokotala akawonjezera mphamvu mopitirira muyeso safulumizitsa kanthu, koma amaika mizu pangozi yofupika ndiponso nkhama pangozi yobwerera m'mbuyo. N'chifukwa chake chithandizochi chimatenga kawirikawiri miyezi 18 mpaka 24, ndipo munthu amabwerera ku chipatala pakatha sabata zinayi mpaka zisanu ndi chimodzi zilizonse. Amene angakulonjezeni mano owongoka m'miyezi itatu muzimukayikira.

Kubwererabwerera kumeneku makolo akuganizire mofatsa, makamaka amene ana awo ali pafupi kulemba mayeso a sitandade 8. Msinkhu wabwino woikira mawaya, wa zaka 11 mpaka 14, ndi womwewonso umene ana ambiri amapita ku sekondale yogonera komweko. Mwana amene waikidwa mawaya mu Blantyre kenako n'kupita kukaphunzira ku Dedza kapena ku Mzuzu sangaonedwe mwezi ndi mwezi, ndipo kachitsulo kakamatuka m'kati mwa teremu amakhala nako choncho mpaka tchuthi. Ife tinasankha sukulu yoyendera pa chifukwa chimenechi, ndipo adokotala anachita bwino kutifunsa za sukulu asanayambe ntchito.

Nkhani ya chakudya inali yovuta kuposa mmene kapepala kamene anatipatsa kankanenera, chifukwa kapepalako kanali kachingelezi ndipo kankatchula zakudya zimene kwathu sitidya kawirikawiri. Zimene zimathyola tizitsulo kuno ndi nzimbe, chimanga chootcha, mtedza wokazinga, chinangwa chachiwisi, magwafa osapsa, kanyenya wolimba ndi kukukuta mafupa a nkhuku. Mango tinkachita kudula ndi mpeni m'malo moluma, ndipo bonya ankalowa m'mawaya moti ankafuna nthawi yaitali yotsuka. Mwana wanga anamatula kachitsulo koyamba ndi chimanga chootcha cha pamsewu, mwezi wachiwiri usanathe. Ndikanakonda achipatala akanalemba malangizo awo m'Chichewa ndi zakudya za kuno, popeza amene amaphikira ana ambiri masana ndi agogo kapena antchito a pakhomo, osati kholo limene linamva malangizo kwa dokotala.

Koma choopsa kwambiri kuposa zolimba ndi zotsekemera. Zakudya zimakanirira mozungulira tizitsulo, ndipo mwana amene amamwa zakumwa za shuga pafupipafupi koma osatsuka bwino amadzapezeka ndi mawanga oyera pa mano tsiku lochotsa mawaya, omwe ndi chiyambi cha kuwola ndipo sachoka msanga. Pamafunika mswachi wofewa, mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, ndi kaburashi kakang'ono kolowa pansi pa waya, ndipo kutsuka kumene kale kunkatenga mphindi ziwiri kumatenga zisanu kapena kuposerapo. Mayi wothandizira adokotala pa chipatalachi ndimamuyamikira kwambiri pa nkhaniyi. Ulendo uliwonse ankapaka mano a mwanayo mankhwala osintha mtundu pamalo posatsukika bwino, n'kumupatsa galasi kuti adzionere yekha, ndipo ankamulankhula mwaulemu, osamuchititsa manyazi pamaso panga.

Tsopano za ine mwini. Mano anga a m'munsi anali opanikizana chibadwire, ndipo pamene zaka zinkapita ankapanikizana kwambiri moti ulusi wotsukira mano sunkalowa, ndipo nkhama zinkatuluka magazi m'mawa uliwonse. Ndinkaganiza kuti mawaya ndi a ana okha, koma adokotala anati mano amasuntha pa msinkhu uliwonse, malinga ngati nkhama ndi fupa zili zamoyo. Kusiyana kwake n'kwakuti nsagwada za munthu wamkulu zinasiya kukula, choncho mawaya akhoza kusuntha mano koma sangasinthe kukula kwa nsagwada, ndipo amene vuto lake lili m'fupa lenilenilo nthawi zina amafunika opaleshoni. Kusiyana kwina n'kwakuti akuluakulu ambiri timafika ndi matenda a nkhama osadziwa, ndipo kukoka dzino lozikika m'fupa lodwala kumaligwedeza. Ine ndinadikira miyezi itatu akundichiza nkhama, ndipo anga anandiika mu July 2023.

Pali chinthu chimodzi chimene adokotalawa anachita chomwe sindidzaiwala. Ndili ndi mpata pakati pa mano awiri akutsogolo a m'mwamba, wofanana ndi umene malemu mayi anga anali nawo, ndipo kwathu mpata wotere anthu amauona ngati kukongola. Asanalembe dongosolo la chithandizo anandifunsa kuti, "Mayi, mpata uwu tiutseke kapena tiusiye?" Ndinati ausiye, ndipo anausiya, n'kuwongola mano ena onse mouzungulira. Dokotala wongotsata zithunzi za m'mabuku a kunja akanautseka osafunsa.

Anandionetsanso njira zina zosaonekera kwambiri. Pali tizitsulo tooneka ngati mtundu wa dzino, tomwe ndi tokwera mtengo ndipo timphira take timathimbirira ndi tiyi. Palinso zovala mano za pulasitiki yoonekera, monga za Invisalign zimene zinayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1999, zomwe munthu amavula pakudya koma ayenera kuzivala maola 20 mpaka 22 tsiku lililonse, ndipo anati zanga zikanachita kupangidwa kunja. Ndinasankha zachitsulo wamba chifukwa cha mtengo komanso chifukwa anati mano opotoka ngati anga amawongoka modalirika ndi zimenezo. Kuntchito anthu anandifunsa sabata yoyamba yokha, kenako anazolowera. Chimene chinandivuta n'kudya pagulu, pa maukwati ndi pa misonkhano, pomwe ndinkafunika kupeza malo otsukira m'kamwa ndikangomaliza.

Madandaulo anga pa chipatalachi ndi awiri, ndipo lalikulu ndi la ndalama. Mtengo umene anatiuza poyamba unali wapakamwa, wolipira gawo lalikulu tsiku loika mawaya ndipo zotsalazo mwezi ndi mwezi. Sanatiuze kuti X-ray, kuzula mano, kumatanso kachitsulo komatuka ndi zogwirira mano za pomaliza zili ndi mitengo yakeyake. Kenako mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo titapita mwezi wotsatira tinauzidwa pa tebulo lolandirira alendo kuti ndalama zimene zinatsala zakwera. Ndikumvetsa kuti mawaya, guluu ndi tizitsulo zonse zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo sindikunena kuti achipatala anatibera. Koma munthu amene ali ndi mawaya m'kamwa sangachoke n'kukayamba kwina mosavuta, pakuti dokotala watsopano amafuna kuyambiranso kuyeza ndi kulipiritsa, choncho kumusinthira mtengo pakati pa ulendo popanda kukhala naye pansi si chilungamo. Titadandaula kwa adokotala eni ake anatichepetsera pang'ono n'kutalikitsa nthawi yolipira, koma zimenezi zinayenera kukambidwa ndi kulembedwa tsiku loyamba. Amene muli pa sikimu ya zaumoyo, kaya ya MASM kapena ina iliyonse, kafunseni ku ofesi yawo ngati kuwongola mano kuli m'gulu la zimene amalipira ndiponso malire ake, ndipo yankholo likhale lolembedwa.

Dandaulo lachiwiri ndi la nthawi. Adokotala odziwa za mawaya ankapezeka masiku ochepa okha pa sabata, ndipo pa masiku amenewo anthu ankadzaza, moti nthawi ya 2 koloko inkatha kukhala 4 koloko, mwana atajomba kale maphunziro a masana. Ulendo wina waya anasolokera kumbuyo n'kuyamba kubaya tsaya la mwanayo adokotalawo atachokapo, ndipo tinadikira masiku asanu ndi anayi tikumata phula, chonsecho kudula kansonga ka waya ndi ntchito ya mphindi zochepa imene dokotala wina aliyense wa pamalopo akanatha kuchita. Gwero la vutoli ndikulidziwa. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa lokha madokotala a mano a digiri m'chaka cha 2019, pa College of Medicine pomwe pano ndi gawo la Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo ukatswiri wowongola mano umafuna zaka zina za maphunziro pamwamba pa digiriyo. Akatswiri otere ndi ochepa, ndipo ndi chifukwa chake muli ndi ufulu wofunsa amene akufuna kukuikani mawaya kuti anaphunzira kuti ntchitoyi komanso ngati ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Ndaonapo pa intaneti anthu akutsatsa mawaya otchipa oika kunyumba ngati chokongoletsera, ndipo zimandidetsa nkhawa, chifukwa waya aliyense womatidwa pa mano amawasuntha, kaya womuikayo akudziwa kumene akuwapititsa kapena ayi.

Si kuchedwa konse kumene kunali kwa achipatala. M'chaka chachiwiri mwanayo anapatsidwa timphira tokoka kuchokera ku mano a m'mwamba kupita ku a m'munsi, toti azivala usana ndi usiku n'kumasintha tsiku lililonse. Kusukulu ankativula chifukwa cha manyazi, ndipo ine sindinadziwe mpaka adokotala ataona kuti kwa miyezi iwiri palibe chimene chasuntha. Anamufunsa modekha, iye n'kuvomera, ndipo miyezi iwiriyo inawonjezeka pa nthawi yake. Kuyambira pamenepo ndinamvetsa kuti mwana amene sakufuna yekha mawaya si bwino kumukakamiza, chifukwa gawo lalikulu la ntchitoyi limachitikira kunyumba ndi kusukulu, kumene dokotala kulibe.

Mawaya a mwanayo anachotsedwa mu December 2024, patatha miyezi 20, ndipo anga mu September 2025, patatha miyezi 26. Kuchotsa sikupweteka kwenikweni, amangotsina kachitsulo kalikonse n'kupala guluu wotsalira. Zotsatira zake ndi zabwino ndithu. Milomo ya mwanayo imakumana, dzino lija linatsika n'kulowa mumzere, mipata ya mano ozulidwa inatsekeka, ndipo agogo ake amene ankakana aja ndi amene amayamba kumuuza kuti aseke alendo aone. Ine nkhama zinasiya kutuluka magazi chifukwa tsopano ndimatha kutsuka pakati pa mano.

Chimene sanatikonzekeretse bwino n'chakuti tsiku lochotsa mawaya si tsiku lomaliza. Mano amene asunthidwa amafuna kubwerera kumene anachokera, makamaka m'miyezi yoyambirira pamene fupa ndi timinyewa tija zisanakhazikike, choncho munthu amapatsidwa chogwirira mano chotchedwa retainer. Mwanayo anapatsidwa ya pulasitiki yovula, yovala nthawi zonse poyamba kenako usiku wokha, ndipo ine anandimata kawaya koonda kuseri kwa mano a m'munsi n'kundipatsanso yovala usiku. Nditafunsa kuti tidzasiya liti, adokotala anati kwa nthawi yonse imene tikufuna kuti mano akhale owongoka. Mawu amenewo ndinayenera kuwamva mu February 2023, osati pamapeto. Mwanayo anataya yake atayikulunga m'kapepala pa nthawi ya chakudya kusukulu, anandibisira kwa sabata zitatu, ndipo pamene tinkakapangitsa ina dzino limodzi lakutsogolo linali litayamba kale kupendekeka, moti anafunika kuivalanso usana ndi usiku kwa miyezi ingapo kuti lisapitirire.

Wina atandifunsa ngati angapite pa chipatala chimenechi, ndingamuuze kuti apite, chifukwa ntchito ya manja a adokotalawo ndi yabwino, malo ndi aukhondo, zipangizo amazitsegula m'mapaketi ake wodwala akuona, ndipo funso lililonse limayankhidwa mpaka munthu amvetse. Koma asanavomere kumatidwa kachitsulo koyamba apemphe pepala lonena mtengo wonse, zimene zili mkati mwa mtengowo ndi zimene zili kunja, chimene chidzachitike kwacha ikadzagwanso, ndi amene adzamuthandize waya akadzabaya adokotala palibe. Mwana wanga wamwamuna wakwanitsa zaka 7 chaka chino, ndipo ndamulembetsa kale kuti akaonedwe pa chipatala chomwecho mwezi wamawa. Iye sayamwa chala, koma mano ake a m'munsi ayamba kumera mopanikizana ngati anga.